Mtsikana wokolopa amene anaika loko mu kenelo

"Zaka makumi awiri ndikulemba kenelo, makina amene ndawagwira ine sanaumepo ngakhale kamodzi. Loko? Loko ndi wa amantha."

Anatero a Inge Heriberto Plascencia, msuzi wa torta, buledi wa nyama mkati, ukuyenderera m'zala, ainjiniya ang'onoang'ono atawazinga ngati ntchentche pa mango akupsa. Kuno ku Guadalajara munthu akangopata pepala la uinjiniya dzina lake limafa, amakhala Inge mpaka kumanda. Ngakhale mkazi wake amayamba watsokomola asanamutchule dzina la ubatizo.

Inu amene mwabwera kudzafuna mawu olimbikitsa, khalani pansi. Koma ndineneretu, tiyi wa lero alibe shuga wambiri.

Pansi pa tebulo lomwe ankadyerapo a Inge pankadutsa chikolopa. Wochikoka anali Griselda Ornelas, mwana wamasiye wa zaka 24. M'mawa wa tsikulo anali ataona mndandanda wa okhoza mayeso olowera ku yunivesite, ndipo dzina lake munalibe. Aka kanali kachitatu. Anawerenga kuyambira pamwamba, n'kuwerenganso kuyambira pansi, ngati dzina limabisala. Kenako anakwera basi kudzakolopa msuzi wa anthu okhoza.

Kampaniyo inkapanga timabokosi toyang'anira zipinda zozizira zimene alimi amasungiramo mapeyala asanawatumize kunja. Kabokosi kamamva kutentha kwa m'chipinda, n'kuyatsa kapena kupumitsa injini yoziziritsa. M'kabokosimo muli kakompyuta, ndipo pansi penipeni pa kakompyutako pali pulogalamu imene amaitcha kenelo. Ameneyo ndiye kapitawo, amagawira mapulogalamu ena onse nthawi ndi malo. Kenelo ikauma, kungoima chilili osayankhanso, zonse zauma.

Masana omwewo a Inge anamukodola ndi chala. "Iwe, tafufuta bolodi ili."

Pa bolodipo panali chithunzi cha bokosi limodzi ndi mivi iwiri yoloza m'bokosimo, wina kuchokera kumanzere, wina kumanja. Griselda anaima nsanza ili m'manja. Kaya chisoni cha m'mawa ndicho chinamuchotsa mantha, kaya chiyani, pakamwa panangotseguka pokha.

"Pepani a Inge. Awiriwa akafika nthawi imodzi, amalowa ndani poyamba?"

Mu ofesi onse anatembenuka. Kenako chiseko chinaphulika.

"Tamverani anthuni, chikolopa chayankhula!"

"Mupatseni mpando, ameneyu ndi injiniya wa ndowa."

A Inge anapukuta misozi ya kuseka. "Mwanawe, woyamba kulowa ndiwe. Kalowe m'chimbudzi cha amuna, mwatayikira madzi."

Anapita. Analira pang'ono, misoziyo n'kuikolopa pamodzi ndi madzi enawo.

Funso lijatu sanalitole mumsewu. Makolo ake atafa pa ngozi ya basi iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anamutenga azakhali ake, Doña Cuca, amene ankayang'anira bafa pa msika wina wa ku Oblatos. Bafa limodzi, osamba msika wonse. Kiyi anali mmodzi, womangirira ku chipande chachikulu kuti munthu asamuiwale m'thumba. Wagwira chipande walowa, watha wabweza, wina atenge. Tsiku lina kiyiyo anasowa, ndipo bambo wogulitsa nyama anakankha chitseko mayi wogulitsa maluwa ali ndi sopo kumaso. Mabanja awiriwo sapatsana moni mpaka lero. Tsiku linanso mtengatenga wina analowa ndi chipande n'kugona tulo momwemo, mzere wa odikira unakafika kwa ogulitsa anyezi.

Ndiye Griselda masamu a pamayeso ankamukana, koma za khomo limodzi ndi anthu awiri anali nazo digiri.

Sabata yomweyo anapempha kompyuta yakale imene inali pa mulu wa zotaya kuseri kwa ofesi. Woyendetsa galimoto ya kampani anamunyamulira mpaka kwawo osauza munthu, ndipo musandifunse kuti ndikudziwa bwanji.

Kenelo imene anthu awa amagwiritsa ntchito ili poyera, aliyense akhoza kuiwerenga ngati chikwangwani cha pamsewu. Vuto ndi kuimvetsa. Zonse zili m'Chingerezi, ndipo Chingerezi cha Griselda chinkathera pa mayina a sopo. Anagula dikishonale yong'ambika chikuto. Ankadzuka 5 koloko, kuwerenga ola limodzi asanathamangire basi. Pa nthawi ya nkhomaliro ankawerenga m'kachipinda kosungira matsache. Lamlungu akachoka ku misa ankakhala pa kompyuta mpaka maso kufiira.

"Mwana iwe, ukwatiwa ndi bokosilo?" ankatero Doña Cuca.

"Bokosi silimenya, azakhali."

"Silibweretsanso nyama."

Chaka choyamba sanamve kanthu. Ankangoona zilembo zikuyenda ngati nyerere. Chaka chachiwiri nyererezo zinayamba kuonetsa kumene zikupita. Lamlungu lina anakuwa mpaka azakhali anagwetsa tortilla, kachikondamoyo kopyapyala ka chimanga, pamoto.

"Azakhali! Anthu awa anaba ntchito yanu!"

Anali atapeza kuti mu kenelo mulinso chipande. M'kompyuta mumakhala antchito ambiri ogwira ntchito nthawi imodzi, ndipo pali malo ena amene onse amalembapo ndi kuwerengapo. Awiri akalembapo pamodzi, wina amafufuta theka la mnzake, n'kutsala zinthu zopanda mutu. Ndiye amisiri anaikamo chimene amachitcha loko. Wagwira loko walowa, watha wabweza, wina atenge.

"Akulipira?" anafunsa Doña Cuca.

"Ayi."

"Ndiye ndi akuba enieni. Tenga tortilla udye."

Anthu a kenelo ali ndi kachitidwe kawo. Ukaona pong'ambika umalemba zokonza, amazitcha chigamba, n'kutumiza pa bwalo la maimelo pamene anthu masauzande a m'mayiko onse amawerenga. Woyang'anira gawolo amayankha pomwepo, pamaso pa onse. Moni kulibe. Zoti kunyumba kuli bwanji kulibe.

Chaka chachitatu Griselda anatumiza chigamba chake choyamba. Yankho linachokera kwa mkulu wina wa kudziko lozizira, munthu amene nkhope yake sanaionepo. Unali mzere umodzi.

"Wagona utagwira loko. Ayi."

Wina akanazimitsa kompyuta n'kukagulitsa kwa a zitsulo. Griselda anaseka yekha, chifukwa anakumbukira mtengatenga uja. Mu kenelo muli mtundu wina wa loko umene odikira sakhala pansi, amangopondaponda pakhomo. Ukagwira ameneyo suloledwa kuodzera ngakhale pang'ono, apo ayi msika wonse uima.

Anakonza, anatumizanso.

"Pa njira imodzi watuluka osabweza loko. Ayi."

Anatumizanso.

"Unayesa zimenezi, kapena unangopemphera? Ayi."

Anamukana kasanu ndi kanayi. Koma pa kukana konseko palibe anamufunsa pepala la sukulu, palibe anafunsa kuti bambo ake anali ndani. Pa bwalo limenelo amanyoza aliyense mofanana, pulofesa ndi wokolopa. Kwa munthu amene anazolowera kunyozedwa yekha, chimenecho chinali ngati phwando.

Kakhumi yankho linali liwu limodzi: "Ndalandira." Dzina lakuti Griselda Ornelas linalowa m'kaundula wa olemba kenelo, mmene dzina likalowa silifufutika.

Doña Cuca anali atamwalira masabata atatu m'mbuyomo. Matenda a shuga. Musayembekezere kuti ndikuuzani kuti anamwetulira kumwamba, ine kumwamba sindinafikeko. Chimene ndikudziwa n'chakuti mtsikanayo anatembenuka kuti aitane munthu, m'nyumba munalibe womuitana.

M'mawa mwake anakagogoda kwa mwini kampani, a Licenciada Barragán, mayi wodziwa kununkhiza phindu ali kutali. Mayiwo anawerenga dzina lija m'kaundulamo kawiri.

"Ndiwe wemwe uyu?"

"Ndine, a Licenciada."

"Uzikayesa timabokosi. Koma usayambe kudzimva."

Anamupatsa tebulo pafupi ndi khomo la chimbudzi. "Poti anazolowera," anatero a Inge. Pa kakhadi kake ka pachifuwa analembapo kuti wothandiza. Tsiku limene wokolopa watsopano wajomba, maso onse ankatembenukira kwa Griselda, ndipo masiku ena ankadzukadi.

Kenako kunabwera kabokosi katsopano. Kakale kanali ndi mutu umodzi, ndiye antchito a mkatimo ankachita kusinthana, mmodzi agwire, apume, wina agwire. Katsopano kanali ndi mitu inayi, antchito anayi kuthamanga nthawi imodzi. A Inge anangotenga pulogalamu yawo yakale, yopanda loko, n'kuisamutsira m'nyumba yatsopanoyo monga inalili.

Mwaona pamene panagona ulemerero wa zaka makumi awiri? Munthu wokhala yekha m'nyumba amadzitama kuti sanakanganepo ndi aliyense pa bafa.

Griselda anayala timabokosi makumi awiri pa shelefu n'kutisiya tikugwira ntchito. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kamodzi kanauma. Anakatenga kupita nako kwa a Inge.

"Fumbi," anatero osakayang'ana.

Patapita masabata awiri kanauma kena.

"Magetsi a m'dera lino. Kapena unakakhudza ndi manja onyowa."

Kachitatu a Inge anadzuka okha, monyinyirika. Anaikamo mizere yoti kenelo izinena chilichonse chimene ikuchita, kuti aone pamene ikupunthwa. Timabokosi tinayenda mwezi wathunthu osauma.

"Waona? Palibe kanthu. Ukufuna kutchuka ndi mizukwa."

Vuto la mtundu umenewu ndi mbava yochenjera, mlonda akayatsa tochi imakhala pansi n'kumayimba nyimbo za kutchalitchi. Kulankhula kwa kenelo kuja kunkachedwetsa antchitowo pang'ono, ndiye ankaphonyana pakhomo. Atachotsa mizere ija mbava inabwerera.

Griselda anaisaka miyezi iwiri mpaka anaigwira. M'kenelomo munali mndandanda wa manambala a kutentha. Wantchito mmodzi ankawonjezera manambala atsopano kumchira, wina ankachotsa akale kumutu kuti adziwe ngati injini iyake. Kamodzi pa maulendo mamiliyoni manja awo ankakumana, mchira n'kulumikizana ndi mutu. Wochotsa uja ankangozungulira pomwepo ngati galu wothamangitsa mchira wake, osafika kumapeto mpaka kalekale.

Mankhwala ake anali mizere khumi ndi umodzi. Loko mmodzi.

Apa ndi pamene mtsikanayu anaponda pa moto. Ulemu wa ntchito anauphunzira pa bwalo la maimelo lija, ndiye anachita monga amachitira kumeneko. Anatumiza chigambacho kwa ofesi yonse, ndi mawu akuti: "Mndandanda uwu ulibe loko chiyambire pamene unalembedwa. Wolemba anaganiza kuti mutu udzakhala umodzi mpaka muyaya."

Ku Guadalajara! Kuno Inge akalakwa umamuitanira kukadya birria, msuzi wa nyama ya mbuzi, umamufunsa za ana, umayamikira galimoto yake, kenako pomaliza umati mwina kompyuta sinamvetse bwino nzeru zawo. Iye anangoti phwaa, pamaso pa onse, ngati akutaya madzi a m'ndowa.

A Inge analowa mu ofesi ya a Licenciada osagogoda, ndipo mawu ankamveka mpaka pa geti.

"Akufuna kuika loko pa khomo lopanda mbava! Ndayeza, kabokosi kakuchedwa. Pa mapepala athu otsatsa tinalemba kuti kathu ndi kachangu kuposa tonse. Tisinthe chifukwa cha wokolopa? Musankhe, ine kapena iye."

Kuchedwako kunali kochepa kuposa kuphethira kwa diso kogawidwa kachikwi. Koma a Licenciada anayeza pa sikelo ina. Mbali iyi pepala la uinjiniya la m'felemu ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, mbali iyo mtsikana wolephera mayeso katatu.

"Griselda, mwana wanga, si kuti ndikudana nawe. Makasitomala amafuna anthu a mapepala. Ukatha mlatho wa Meyi, tchuthi chija, udzabweze kakhadiko. Ngati ukufuna ntchito yako yakale, ndikhoza kuyankhula ndi woyang'anira."

Zaka zinayi za kudzuka 5 koloko zinathera pamenepo, pa chifundo cha chikolopa.

Tchuthi cha apantchito chaka chimenecho chinagwa Lachinayi, ndipo kuno tchuthi chikagwa Lachinayi, Lachisanu limafa lokha. Timati mlatho, umawoloka kuchoka Lachitatu madzulo kukatsikira Lolemba. Lachitatu limenelo kampani inali ndi ntchito yaikulu kufupi ndi Ciudad Guzmán, kukaika timabokosi tatsopano kwa mlimi wina dzina lake Don Anselmo. Akakhutira, alimi anzake onse a m'chigwacho akanagula. Griselda anamutenga kuti azinyamula mawaya.

M'chikwama chake, pansi pa mawayawo, anaikamo kabokosi kamodzi kokhala ndi loko wake. Palibe anamutuma.

Don Anselmo anali mdala wa zaka 70, chipewa chachikulu, manja ngati makungwa. Anali ndi zipinda ziwiri zozizira, chilichonse chodzaza mapeyala matani makumi anayi, odikira malole a Lolemba. Kunja dzuwa la Meyi linkawotcha ngati lili ndi mlandu ndi munthu.

A Inge anavula jekete n'kuyamba ulaliki.

"Don Anselmo, anzathu amaika timakutu tiwiri tomvera kutentha m'chipinda. Ine ndikuikirani khumi ndi tisanu ndi kamodzi. Anzathu amawerenga kamodzi pa sekondi. Ine kazana. Makina anga sadziwa kuuma."

Mdalayo ankagwedeza mutu, koma maso ake anali pa mtsikana wa mawaya.

"Iwe mwana wanga, bwanji ukukayang'ana kabokosiko ngati kanakulumapo?"

A Licenciada anamuponyera diso loti tseka pakamwa. Koma munthu amene wachotsedwa kale ntchito umuopseza ndi chiyani?

"Kauma, Don Anselmo. Mwina mawa, mwina mwezi wa mawa. Mkatimo muli antchito awiri olemba pa pepala limodzi, ndipo palibe wowauza kuti dikira mnzako amalize."

"Asa! Ameneyu anali wokolopa wathu," anatero a Inge. "Mumukhululukire, mankhwala otsukira m'chimbudzi anamulowa m'mutu."

"Ine ndinali wotola ndowe za abulu," anatero Don Anselmo. "Uli ndi kako, mtsikana?"

"Kali m'chikwamamu."

"Inge, ine sukulu ndinaithawa ndili ndi mano a mkaka, koma bulu sindimugula pomvera mwini wake. Zipinda zili ziwiri. Chakumanzere chanu, chakumanja cha mtsikanayu. Timakutu tofanana, liwiro lofanana. Tionana Lolemba."

A Licenciada anamwetulira kumwetulira kwa munthu woponderezedwa chala. Anakokera Griselda pambali.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa kasitomala. Zipinda zonse zikakhala bwino Lolemba, kakhadi ukasiye pompano, ndipo za chikolopa uiwale. Sudzapondanso pa kampani panga."

"Nanga cha a Inge chikauma?"

"Chikauma, mpando wawo ndi wako. Koma sichiuma."

Mdala uja anamva. Makutu a alimi amamva ndalama ikugwa mu udzu. "Mboni ndine," anatero.

Tsono taonani kuwawa kwake. Griselda ankadziwa kuti akunena zoona, koma zoona za mtundu umenewu sizibwera pa tsiku loitanidwa. Pa shelefu paja kanauma kamodzi pa makumi awiri, patatha masiku asanu ndi limodzi. Apa kabokosi kanali kamodzi, masiku anayi ndi theka. Chimene chinkamugwira mtima chinali chimodzi chokha, ndipo anachinena chapansipansi m'galimoto pobwerera, mabwana atagona kumbuyo kukamwa kuli yasa.

"Timakutu khumi ndi tisanu ndi kamodzi, kazana pa sekondi. Ku ofesi tinkayesa ndi tiwiri. Adzipangira okha chipwirikiti pakhomo."

"Ndiye wapambana?" anafunsa woyendetsa.

"Ayi. Ndangogula tikiti yabwinoko."

Mlatho wonse mzinda unathawira kunyanja. Griselda anakhala m'nyumba ya azakhali ake, nalemba makalata asanu ndi awiri ofunsira ntchito, atatu a ukompyuta, anayi a m'mahotela. Loweruka anatumiza chigamba china ku bwalo lija, cha nkhani ina, ndipo mkulu wa kudziko lozizira uja anachikana. Lamlungu anachikonza n'kutumizanso. Munthu ameneyu kukanidwa kunali ngati chakudya cha m'mawa.

Lolemba 9 koloko onse anali pa khonde la zipinda zija. Malole awiri anali ataima kale pabwalo, madalaivala akudya chimanga chowotcha. Mlonda wa pamalopo anachitira sawatcha.

"Zonse zili bwino, bwana. Ndimayang'ana magalasi a timabokosi m'mawa ndi madzulo. Konse madigiri asanu."

Griselda anagwira kakhadi kake ka pachifuwa. A Licenciada anatambasula dzanja, chikhatho m'mwamba, kudikira kakhadi.

"Tiyambe taona," anatero Don Anselmo.

Anatsegula chakumanja. Mphepo yozizira inatuluka n'kuwaluma m'miyendo. Mdalayo anatola peyala limodzi, analifinya, linali gwa ngati mwala. Anayang'ana galasi la kabokosi, nambala inkasewera, 5.1, 4.9, 5.0.

"Zikomo kwambiri, mtsikana waphunzira kulumikiza mawaya," anatero a Inge. "Tsopano bwerani muone ntchito ya injiniya."

Anatsogola kupita kumanzere, nsapato zonyezimira zikulira pa simenti. Anagogoda galasi la kabokosi kawo ndi chikhadabo.

"Taonani. Asanu ndendende. Osati zovinavina za uko. Kanga sikagwedezeka n'komwe. Don Anselmo, mangani mabatani, mungadwale chimfine."

Anagwira chogwirira cha chitseko.

Asanakoke, ndiloleni ndikuuzeni inu amene mwalephera mayeso, inu amene mukukolopa pansi pa matebulo a anthu osakuposani nzeru. Sindikunamizani kuti dziko lidzakupepesani, silipepesa. Sindikunamizani kuti amene anakulerani adzakhalapo tsiku lanu likadzafika. Mtsikana uyu anaima pa khonde limenelo wopanda pepala, wopanda wachibale, tsogolo lake lili m'manja mwa mwayi. Koma mwayiwo ukanapeza ndani akanakhala kuti anasiya pa kukanidwa kwachitatu, kapena anasiya kabokosi kake kunyumba? Akakukanani, konzani, tumizaninso. Akakusekani, lirani msanga, mupukute, mubwerere pa mpando. Mtima wanuwo musautaye, ndi katundu yekhayo amene sangakulandeni pa geti.

A Inge anakoka chitseko.

Chimene chinatuluka si mphepo. Unali mpweya wofunda, wolemera, ngati wa m'basi yodzaza masana, ndi fungo limene linabweza madalaivala aja chimanga chili kukamwa. Injini inali chete. Makatoni apansi anali atafewa n'kukhala pansi, mulu wonse utapendekera ku khoma. Mapeyala anali akuda bii, ena ataphulika, ndipo madzi obiriwira anayenda pang'onopang'ono pa simenti mpaka anazungulira nsapato zonyezimira zija.

Dzanja la a Licenciada linatsika lokha.

"Magetsi," anatero a Inge, mawu atauma. "Kapena fumbi. Galasi likunena asanu, taonani nokha, likunena asanu!"

Don Anselmo anavula chipewa. Anayang'ana matani ake makumi anayi nthawi yaitali. Kenako anasendera pa kabokosiko, natsinzinira diso limodzi.

"Inge, ine kuwerenga ndimachita kukoka. Tandithandizani. Pansi pa asanu anuwa palembedwa tsiku lanji?"

A Inge anawerama. Wotchi ya pa galasipo inkati Lachinayi, 10:17 m'mawa.

Kunja kunali Lolemba.